Chifukwa chake maginito a m'sipika saiwala koloza pomwe msomali umaiwala

Funso la lero labwera kuchokera kwa achimwene ena a pa Nchalo amene amakonza mawailesi, masipika ndi timamota ta mapampu othirira. Akuti akakhula msomali pa maginito a sipika, msomaliwo umayamba kunyamula mapini koma pakapita masiku kapena akaugwetsa pansi mphamvu ija imatha, pomwe maginito a sipikawo zaka ndi zaka ali chimodzimodzi, kupatula amene anagwera pa mbaula tsiku lina ndipo anafera pomwepo. Ndiye mng'ono wawo amene ali ku koleji anawayankha kuti nkhani yake ndi ya spin ndi symmetry, basi nkuwasiya m'malere. Akufunsa kuti zinthu ziwirizi ndi chani ndipo zikukhudzana bwanji ndi ntchito ya pa benchi yawo.

Achimwene, mng'ono wanuyo sananame, kungoti anakuponyerani mawu awiri akuluakulu nkuthawa. Tiyeni tiyambe ndi nguli, poti nonse amene munakulira kuno kuchigwa munaikwapulapo pa bwalo. Nguli ikamazungulira mwaliwiro ndiye ipendekeke pang'ono siigwa ayi, mutu wake umayamba kuyenda mozungulira pang'onopang'ono ngati munthu woledzera amene akukana kugwa. Mphamvu yokokera pansi ikuikoka kuti igwe koma iyo mmalo mogwera komwe ikukokedwa imathawira chammbali. Ngati mwaiwala za nguli chotsani gudumu la njinga ya kabaza, muligwire pa ekiselo ndi manja awiri, wina alizungulitse mwamphamvu, kenako yesani kulipendeketsa, mumva likukupotolani manja kupita kwina kumene simunafune. Elekitironi iliyonse, kanthu kakang'onong'ono kopezeka mu ma atomu amene amapanga chitsulo, ili ndi khalidwe limeneli, imakhala ngati kanguli kosaleka kuzungulira komanso ndi kamaginito kakang'ono koloza mbali imodzi, ndipo ndi chimenecho chimene amati spin. Ndinene pano kuti elekitironi sikampira kozungulira zenizeni, fanizoli limatithandiza pa kayendedwe kokha. Anthu anayamba kuona zizindikiro zake mu 1922 ku Frankfurt pamene Otto Stern ndi Walther Gerlach anadutsitsa ma atomu a siliva pakati pa maginito nkupeza kuti agawika pawiri, ndipo mu 1925 anyamata awiri a ku Netherlands, Uhlenbeck ndi Goudsmit, ndi amene anabwera ndi ganizo la spin lija.

Tsono mukaika spin pafupi ndi maginito siitembenuka chindunji kuloza komwe ikukokedwa, imayamba kupendama mozungulira ngati nguli ija, ndipo liwiro lake ndi loopsa. Mu mphamvu ya tesla imodzi, imene ndi pafupifupi mphamvu ya mu kampata kaja mumalowa koyilo mu sipika yabwino, spin imazungulira ka 28 biliyoni pa sekondi imodzi. Olo mu mphamvu yofooka ya dziko lapansili imene imayendetsa kampasi, kuno kwathu ili cha mma 30 microtesla, kunena kuti magawo 30 mukagawa tesla imodzi ka miliyoni, imazungulirabe kopitirira 800,000 pa sekondi. Masamu ofotokoza kuvina kumeneku mu zitsulo analembedwa ndi Landau ndi Lifshitz mu 1935, kenako Gilbert mu 1955 anakonza gawo lonena za mmene kuvinako kumazilalira mpaka spin kugonja nkuloza komwe yauzidwa, zomwe zimatenga nthawi yochepa kwambiri, tizigawo tochepa ta biliyoni ta sekondi.

Apa ndi pamene symmetry ikulowera. Mawuwa alibe Chichewa chokhazikika koma chinthu chake mumachidziwa bwino, ndi funso loti kodi chinthu ndingachitembenuze motani kuti chioneke ngati sindinachikhudze. Lichero lozungulira mutha kulipotoza mmene mungafunire likadali lomwelo. Njerwa ayi, muyenera kuitembenuza theka lathunthu kuti ibwerere mmene inalili. Kachipinda kalikonse ka chisa cha njuchi kali ndi mbali 6. Nanga dzanja lanu lamanja, olo mulitembenuze bwanji silidzakhala lamanzere, sungani ichi chifukwa tibwererako. Pierre Curie mu 1894 ananena mfundo imene ine ndimaiona ngati fungulo la nkhani yonseyi, yoti ngati choyambitsa chili chofanana mbali zonse ndiye chotsatira sichingakondere mbali imodzi, kuti pachitike kanthu pamayenera pakhale kusafanana penapake. Zikumveka ngati zachidziwikire eti, koma ndi mfundo imeneyi munthu amatha kuyang'ana mmene ma atomu asanjidwira mu mwala nkunena kuti ma spin amo angathe kuchita izi koma izi sangachite, asanayeze nkomwe chilichonse.

Tione chitsulo. Ma spin oyandikana mu chitsulo amakonda kuloza kumodzi, ndipo mphamvu yowagwirizanitsayo, imene Heisenberg anaifotokoza mu 1928, ndi yaikulu zedi koma ili ndi khalidwe limodzi lodabwitsa, ilibe nazo ntchito zoti onse aloza kuti. Aloze ku Thyolo, aloze ku Mwanza, aloze kumwamba, bola aloze limodzi basi. Zili ngati munsi mwauimika chilili pakati pa bwalo, mbali zonse ndi zofanana koma uyenera kugwa ndithu ndipo ukagwa wagwera mbali imodzi, kufanana kuja kwatha ngakhale palibe amene anasankha mbaliyo, kamphepo kakang'ono kalikonse nkokwanira kubweretsa kusafanana kumene Curie ankanena. Chitsulo chikatentha kupyola madigiri 770 ma spin amagwedezeka kwambiri moti aliyense amaloza kwake, mbali zonse zafanananso ndipo maginito palibe. Chikamazizira munsi uja umagwanso, koma umagwera kosiyanasiyana mu tizigawo tosiyanasiyana ta chitsulocho, uku aloza uku, apo aloza kwina, mukaphatikiza zonse zimathetsana. Ndi zimene zinachitikira maginito anu a pa mbaula. Amenewo malire ake ali cha mma 450, ndipo makala oyaka bwino amapitirira pamenepo mosavuta, ndiye atazizira tizigawo tija tinadzuka tili balala. Sanafe kwenikweni, atawaika mu koyilo ya magetsi amphamvu kwambiri angadzukenso, kungoti makina ake simungawapeze pa Nchalo.

Zikanakhala kuti mphamvu ya Heisenberg ndi yokhayo bwenzi kulibe maginito osunga mphamvu padziko pano, chifukwa kutembenuza ma spin onse pamodzi sikukanafuna khama lililonse, kamphepo kakang'ono ka maginito ena kakanawatembenuza. Chimene chimawamanga ndi kamphamvu kena kakang'ono kolumikiza spin ndi njira imene elekitironi imayenda mozungulira atomu, ndipo njira imeneyo imatsatira mmene ma atomu oyandikana akhalira. Kudzera pa kachingwe kameneka spin imayamba kumva kuti nyumba imene ikukhalamo ili ndi ngodya. Mu chitsulo wamba ngati cha msomali ma atomu anasanjika ngati timabokosi tofanana mbali zonse, ndipo spin imapuma bwino ikaloza motsata mphepete mwa kabokosiko. Mphepetezo zimapereka njira 6, kutsogolo, kumbuyo, kumanja, kumanzere, kumwamba, pansi, ndipo kamtunda kolekanitsa njira imodzi ndi inzake ndi kakafupi, ndiye mukagwetsa msomali pa simenti kapena kuumenya ndi hamala malire a tizigawo tija amasuntha mosavuta ndipo msomali waiwala. Maginito akuda a m'sipika aja ndi ferrite, chitsulo chosakaniza ndi okosijeni ndi strontium kapena barium, anawatulukira ku kampani ya Philips kumayambiriro a zaka za mma 1950, ndipo ma atomu ake anasanjika mmagulu a mbali 6 ounjikana ngati mbale, moti pali mzere umodzi wokha wosiyana ndi ina yonse. Spin ili ndi zosankha ziwiri basi, kumwamba kapena pansi motsata mzerewo, ndipo kuti ichoke uku kupita uko iyenera kukwera phiri lalitali ngati kuchoka pa Thabwa kukwera zitunda zija kupita ku Blantyre pa njinga yonyamula makala. Ku fakitale amapera ferrite kukhala ufa, amaupanikiza uli mkati mwa mphamvu ya maginito kuti timibulu tonse tiloze mzere wake kumodzi, kenako nkuotcha kuti ugwirane. Yankho la funso lanu loyamba lagona pamenepa, msomali uli ndi symmetry yambiri ndiye ulibe pogwira, ferrite ili ndi yochepa.

Ndipo musaone ngati kuiwala kwa chitsulo ndi chilema. Mu thiransifoma ndi mu mota timafuna chitsulo choiwala msanga chifukwa magetsi athu amapita uku nkubwerera ka 50 pa sekondi, chitsulo chamakani chikanangotentha nkudya magetsi pachabe. Timapepala tachitsulo timene mumapeza mukaphwasula thiransifomala tili ndi silicon pafupifupi 3 peresenti, ndipo ta mathiransifoma akuluakulu amatipsinja mwanjira imene Norman Goss anatulukira mma 1930 kuti mphepete za timabokosi tija zigone motsata utali wa pepalalo, njira imene spin imaikonda kale. Timaginito tonyezimira tamphamvu tija ta mmahedifoni ndi mma hard disk ndi ta neodymium, chitsulo ndi boron, tinatuluka cha mu 1984 ku Japan ndi ku America, natonso tili ndi mzere umodzi wokha koma phiri lake ndi lalitali koposa la ferrite. Vuto lake timaopa kutentha, tamtundu wamba timayamba kufooka pa madigiri 80 okha, ndiye inu amene mumagwira ntchito mu kontena ya malata mwezi wa Novembala kuno kumene mthunzi weniweniwo umapyola 40, musamayandikize kachitsulo kanu kotentha kosungunulira soda pa timeneti nthawi yaitali. Mwa njira, neodymium yomweyi ndi imodzi mwa miyala imene ikufunidwa ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe.

Koma mng'ono wanu ponena za spin amaganiza kwambiri za kayendedwe, ndiye tibwerere ku kuvina kuja. Munaimapo mmphepete mwa minda ya nzimbe madzulo mphepo ikamadutsa, mumaona funde likuyenda pamwamba pa munda wonse koma palibe nzimbe imene yachoka pa phando lake, iliyonse yangowerama nkupatsira inzake. Ma spin amachitanso chimodzimodzi, imodzi ikapendama imakoka yoyandikana nayo, iyonso ina, funde nkumayenda mu chitsulo popanda elekitironi kusamuka. Felix Bloch anawerengera mafunde amenewa mu 1930. Pano symmetry imalamula zinthu mosanyengerera. Kukanakhala kuti mbali zonse ndi zofanana, funde lalitali kwambiri, limene ma spin oyandikana amangosiyana pang'onong'ono, likanafuna mphamvu pafupifupi ziro kuti liyambe, chifukwa kutembenuza onse limodzi nkwaulere monga ndanena. Mukangoika mzere wokondedwa uja ndiye pabwera mtengo wolowera pakhomo, funde lililonse olo lalitali bwanji liyenera kulipira kaye, ndipo pali liwiro lotsikitsitsa la kuzungulira limene simungapite pansi pake. Mu ferrite ya m'sipika liwiro limenelo lili cha pakati pa 40 ndi 60 biliyoni pa sekondi popanda maginito ena akunja. Akatswiri akayeza liwiro limeneli ndi mafunde a wailesi otchedwa microwave amadziwa kutalika kwa phiri lija, ndiye kuvina kwa spin kumaulula kamangidwe ka mkati mwa mwala.

Palinso mfundo ina ya mayi wina katswiri wa masamu wa ku Germany, Emmy Noether, ya mu 1918, yoti symmetry iliyonse imabwera ndi chinthu chimene sichitayika. Ngati mbali zonse zili zofanana ndiye kuzungulira konse kwa ma spin mukakuphatikiza sikungachepe kapena kuchuluka, kulibe kopita. Tanthauzo lake ndi loti mu dziko lofanana mbali zonse nguli yathu ikanavina mpaka kalekale osagonja. Imagonja chifukwa cha kachingwe kaja koilumikiza ku ma atomu, kamene kamatulutsa kuzungulirako nkukupereka ku chitsulo chenichenicho. Izitu si nthano, Einstein ndi de Haas mu 1915 anapachika kamtengo kachitsulo pa ulusi mkati mwa koyilo, atasintha mbali ya magetsi ma spin anatembenuka ndipo kachitsulo konse kanapotoka pa ulusipo. Ine kuyesera kumeneku ndimakukonda kuposa kwina kulikonse mu nkhaniyi chifukwa chinthu chosaoneka ndi maso chikukankha chinthu chogwirika ndi manja. Ndiye kachingwe kamodzi komweko ndi kamene kamapatsa maginito chikumbumtima chake komanso ndi kamene kamadya mafunde, nchifukwa chake ofuna mafunde oyenda mtunda wautali amathamangira mwala wotchedwa YIG, wa yttrium ndi chitsulo, umene kachingwe kake ndi kofooka kwambiri.

Miyala ina ma spin ake oyandikana amalozerana mosemphana, uyu kumwamba uyu pansi, ngati mmene mumasanjira nsomba zouma mu dengu mutu ndi mchira. Louis Néel wa ku France ndi amene anafotokoza za miyala imeneyi ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1970. Kunja siikoka msomali nkomwe koma mkati muli dongosolo lokhwima, ndipo ma spin ake akayamba kuvina amakokana ndi mphamvu yaikulu ya Heisenberg ija moti liwiro limafika ma thiriliyoni pa sekondi, kuposa la chitsulo ka 100 kapena ka 1,000. Ndi chifukwa chake ofufuza za makompyuta akuiyang'ana ndi diso lofiira masiku ano.

Tsopano dzanja lija ndinati musunge. Hematite, mwala wofiira wa chitsulo umenenso umapezeka mu dzimbiri ndi mu dothi la katondo, ndi wa gulu la mutu ndi mchira, ndiye umayenera kusakoka chilichonse, koma anthu ankapeza kuti umakoka pang'onong'ono ndipo kwa zaka ankangoti mwina ndi zinyalala zimene zasakanikiramo. Mu 1958 Igor Dzyaloshinskii wa ku Soviet Union anangoyang'ana symmetry ya mwalawo nkuonetsa kuti kasanjidwe kake kamalola ma spin awiri osemphanawo kupendekeka pang'ono mbali imodzi, osafika olo digiri imodzi, ndiye sathetsana kwathunthu. Mu 1960 Toru Moriya wa ku Japan anapeza gwero la mphamvu yopendeketsayo ndipo anapereka malamulo ake, lalikulu ndi ili: imani pakatikati pa ma atomu awiri, ngati chilichonse chimene mukuona kutsogolo chili ndi mnzake wofanana naye kumbuyo pa mtunda womwewo, kumanja ndi kumanzere chimodzimodzi, kumwamba ndi pansi chimodzimodzi, ndiye mphamvu yopotokolayo ndi ziro, siingakhalepo olo mutafuna. Ikapezeka atomu ina yakhala mbali imodzi yopanda inzake mbali inayo, khomo latseguka. Chosangalatsa nchakuti hematite yomweyo ikazizira kufika cha mma madigiri 13 pansi pa ziro ma spin amatembenukira ku mzere wina umene symmetry siilola kupendekeka, ndipo kukoka kuja kumazimiririka. Kuno ku Nsanje ndi Chikwawa zimenezo muziyesera mu firiji ya nsomba basi.

Mu miyala imene kasanjidwe kake konse kali ndi dzanja, kunena kuti chithunzi chake cha pa galasi sichingagone pa icho chenicho, kupotokola kumeneku kumapitirira kuchoka pa atomu kupita pa inzake mpaka ma spin amapanga chingwe chopota ngati mazinga a bawuti, ndipo monga mukudziwa bawuti ya mazinga akumanja siilowa mu nati ya akumanzere, mwala wa dzanja limodzi umapota mbali yake yokhayo. Mu 2009 gulu la ofufuza a ku Munich linapeza kuti mu mwala wa manganese ndi silicon, wozizira kufika cha mma madigiri 244 pansi pa ziro, ma spin amatha kupanga timakamvulumvulu tating'onoting'ono tokhazikika timene amatitcha ma skyrmion, ndipo timasuntha ndi magetsi ochepa kwambiri. Mafunde nawonso mu miyala yotere amakondera, lopita kumanja ndi lopita kumanzere sayenda mofanana, ngati wopalasa bwato pa Shire amene kutsikira ku Chiromo ndi kukwera kubwerera ndi maulendo awiri osiyana ngakhale mtunda ndi womwewo. Mu mwala wofanana kutsogolo ndi kumbuyo kukondera kotereku kwa mkati mwa mwala ndi koletsedwa. Anthu akuyembekezera kuti tsiku lina zimenezi zidzasunga ndi kunyamula uthenga mmakompyuta mosatentha kwambiri, ine ndimati tidikire tione, zambiri zikadali mu labu ndipo amene amalonjeza chaka chake amakhala akufuna ndalama za kafukufuku.

Pa benchi panu mutha kuona symmetry ina imene sifuna maikulosikopu, ya kaumbidwe ka chinthu chenichenicho. Tengani singano ndi washa ya bawuti, kafulati kaja kobowoka pakati, zonse zachitsulo, muzikhule pa maginito mofanana. Singano isunga mphamvu motsata utali wake ndipo mukaiyandamitsa pa katsamba mu beseni la madzi iloza kumpoto ndi kummwera, koma yesani kuipatsa mphamvu mopingasa, kuchoka mbali ina ya kunenepa kwake kupita inayo, muona kuti ikukana. Utali wa singano wapanga mzere umodzi wokondedwa ngakhale timabokosi ta mkati sitinasinthe. Pa washa ija mphamvu imagona chafulati ndipo siikhala ndi mbali yeniyeni yoloza. Kenako mutenge maginito a sipika muwakulunge mu pepala la pulasitiki, muwakoke mu mchenga wouma wa mmbali mwa mtsinje wa Mwanza kapena Shire, timchenga takuda timene timamatirepo tambiri mwa ito ndi magnetite, mwala umene anthu akale anayambira kudziwira maginito. Mukatithira pa pepala nkuika maginito pansi pake tiima ndondondo ngati tsitsi, ndipo mukatembenuza maginitowo chammbali muona mizere ikutuluka pa nkhope imodzi yafulati nkukalowa pa nkhope inayo, osati mmphepete mwa mkombero, umenewo ndiye mzere uja anaukhazika ku fakitale ufa usanaotchedwe. Mukamamata maginito osweka kapena kubwezeretsa pa sipika muziyamba mwaona nkhope zimenezi ndi kasingano kanu ka mu beseni, chifukwa mukawatembenuza koni imakankhira mkati pamene inzake ikukankhira kunja ndipo kasitomala adzabweranso kudzadandaula kuti bezi yasowa.